Kompuresa yosasokosera aneba: mafunso ndi mayankho

Kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, ndalama imayenda ndi nyengo. Mtedza, soya ndi fodya zikagulitsidwa, ngolo imene yagona chaka chonse ndi ekiselo yothyoka imakumbukiridwa, mwini chigayo amabwera ndi shafiti yodyeka itakulungidwa m'thumba, akabaza amafuna mpweya wa m'matayala, ndipo amene wafolera nyumba akufuna chitseko chachitsulo chopentedwa bwino. Mmisiri wa zitsulo wa kumudzi alibe fakitale. Amagwirira ntchito m'kashedi kamalata kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khitchini, pafupi ndi mpanda wa aneba. Akapeza lathe ndi makina oboolera, chimene mtima umayamba kulakalaka ndi kompuresa, ndipo mtendere wa pakhomo umayamba kuvuta tsiku lomwe yafika. Awa ndi mafunso amene amisiri otere amafunsa kawirikawiri.

Kodi ilipodi kompuresa yosalira, kapena ndi nkhambakamwa chabe za amalonda?

Yosalira n'komwe palibe. Koma kusiyana kwa yolira kwambiri ndi yolira pang'ono n'kwakukulu moti munthu sakhulupirira mpaka atazimva zonse ziwiri. Kompuresa ndi pampu ya njinga imene yapatsidwa mota: pisitoni imakoka mpweya, kuupanikiza, n'kuukankhira mu thanki. Ikakoka, pakamwa pa sefa pamamveka kugunda, ndipo tizitsulo topyapyala totsegula ndi kutseka njira ya mpweya timamenyanso. Nkhani yonse yagona pa kuchuluka kwa kumenyako pa mphindi imodzi.

Magetsi athu ndi a 50 Hz. Pa magetsi otere mota wamba imazungulira pafupifupi ka 2,850 pa mphindi, pamene ija amisiri a magetsi amati four-pole imazungulira pafupifupi ka 1,450. Makompuresa otchipa a thanki ya malita 24 kapena 50, amene pisitoni yake imalumikizidwa pa mota mwachindunji, ndi a gulu loyambalo. N'chifukwa chake amalira ngati akufuna kuthyoka khosi. Olira pang'onowo ali ndi mota yoyenda pang'onopang'ono ndi mapisitoni awiri, ina uku ina uku, kuti mpweya ukhalebe wokwanira ngakhale liwiro lachepa. Palinso a lamba, amene mota imathamanga koma pampu imayenda modekha chifukwa gudumu lake ndi lalikulu. Awa si achete ayi, koma kulira kwake n'kwa besi, kuja kwa "dududu" kumene khutu limapirira, osati kwa "ngwiii" koboola mutu.

Mukafika m'sitolo, musanafunse mtengo, werengani kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa mota. Pezani pamene alemba rpm.

Pabokosi alemba 65 dB, pena 97 dB. Manambala amenewa ndiwamve bwanji?

Manambala a dB sayenda ngati makilogalamu a pasikelo. Kuwonjezera 10 pokha, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza. Anthu awiri akamacheza chapafupi amakhala pa 60 dB. Makina a 70 amamveka kawiri kuposa pamenepo, a 80 kanayi, a 90 kasanu ndi katatu. Makompuresa othamanga aja ambiri amafika cha m'ma 90, pamene achete amakhala pakati pa 60 ndi 70, moti mungathe kuyankha foni mutaima pambali pake.

Si nkhani ya aneba okha. Bungwe la ku America loona za thanzi la apantchito la NIOSH limalangiza kuti munthu asapitirire maola 8 ali m'phokoso la 85 dB, ndipo pakawonjezeka 3 paliponse nthawiyo idulidwe pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi. Kashedi kamalata kamabweza phokoso lonse kwa mwini wake. Tonse tikuwadziwa akuluakulu amene anakulira m'chigayo, amene lero timachita kuwakuwira ngati tili tsidya la dambo. Khutu likafa ndi phokoso silidzukanso.

Tsono pali kuchenjera kwa amalonda. Pabwalo, mukatalikira makina kawiri, phokoso limatsika ndi 6 dB. Ndiye wina akayeza ataima mamita 7 n'kulemba 65, makina omwewo mutaima mita imodzi ali cha pa 82. Ngati sanalembe mtunda umene anayezera, nambalayo muikayikire. Mudzaonanso chomata cholembedwa LWA, chimene malamulo a ku Ulaya amafuna pa makina ogwiritsa ntchito panja. Nambala ya LWA imakhala yokwera kuposa imene mungayeze mutaima pambali, choncho LWA muiyerekeze ndi LWA inzake basi.

Choposa zonse n'kuuza wogulitsa kuti ayatse. Foni yanu ikhoza kukhala ndi kapulogalamu koyeza phokoso. Sikalondola kwenikweni, koma kusiyanitsa makina awiri mutaima pamalo amodzi kamatha. Wogulitsa wokana kuyatsa wakuyankhani kale.

Chabwino, ndigule iti?

Ndisanayankhe, inuyo mundiuze ntchito yake. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amapita kusitolo ali ndi mtengo m'mutu, ntchito itatsala kunyumba.

Munthu wa lathe, amene akufuna mpweya woumitsira chitsulo akachitsuka, wopopera matayala a njinga zamoto ndi ngolo, ndi wowazira timadzi toziziritsa pamene mpeni ukusema, safuna mpweya wambiri. Kompuresa yachete ya mota ya 750 W mpaka 1,500 W, yopanda oyilo, ya thanki ya malita 24 kapena 50, imukwanira. Koma wofuna kupenta zitseko ndi mageti tsiku lonse, kapena kuyendetsa galayindala ya mpweya, ali m'dziko lina. Mfuti yopopera penti imatha kudya malita 150 mpaka 300 pa mphindi, ndipo zida zopalira zimadya chimodzimodzi kapena kuposa. Kakompuresa kachete sikangakwanitse. Kazingolira osapuma mpaka kutentha. Munthu ameneyo agule ya lamba, ya thanki ya malita 100 kapena kuposa, n'kuimangira kanyumba kake panja. Kufuna zonse ziwiri, chete ndi mpweya wochuluka, pa ndalama yochepa, ndi aja amati mapanga awiri avumbwitsa.

Maganizo anga ndi akuti amisiri ambiri a pakhomo amagula yaikulu mopitirira ntchito yawo, pofuna kuti odutsa m'njira aone. Galayindala ya magetsi imagwira ntchito yomweyo pa magetsi ochepa kwambiri kusiyana ndi ya mpweya. Mukachotsa galayindala pa mndandanda, mupeza kuti yachete ikukwanirani.

Thanki ikakula ndiye kuti mphamvu nayo yakula, si choncho?

Ayi. Thanki ndi nkhokwe, pampu ndiye munda. Nkhokwe yaikulu pa munda wochepa imangochedwa kudzaza. Ubwino wa thanki yaikulu ndi wakuti mota imapuma nthawi yotalikirapo isanayakenso, ndipo pakhomo zimenezo n'zofunika: ambiri amaiyika kuti izime pa 8 bar n'kuyakanso ikatsika kufika pa 6. Koma chida chimene chikudya mpweya woposa umene pampu ikupereka chidzaimitsa ntchito ngakhale thanki ikhale ngati mgolo.

Nambala yofunika ndi malita pa mphindi, ndipo nayonso ili pawiri. Yaikulu imene amakonda kuilemba ndi zilembo zofiira ndi mpweya umene pisitoni ingakoke popanda chotsutsana nayo. Umene umafikadi ku chida, umene amaulemba kuti FAD, umachepa, nthawi zambiri ndi gawo limodzi pa magawo atatu. Ena amalemba mu CFM; CFM imodzi ndi malita 28, ndipo 1 bar ndi 14.5 psi.

Mukhoza kuyeza nokha m'sitolo momwemo. Tulutsani mpweya wonse, tsekani potulukira, yatsani, muwerenge nthawi pafoni mpaka izime yokha. Chulukitsani malita a thanki ndi ma bar a pageji, mugawe ndi mphindi. Thanki ya malita 50 yofika pa 8 bar m'mphindi 4 ikupereka pafupifupi malita 100 pa mphindi, kaya pabokosi alemba 200.

Kwathu kuno palinso china chimene bokosi silinena. Chigwa cha Mchinji chili pamwamba, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 8. Pisitoni ikakoka imatenga wochepa kusiyana ndi mmene ikanatengera ku Durban kapena ku Beira. Choncho musagule yongokwanira ndendende, pakhale kotsalira. Onaninso ngati pa mota alemba S3 50%. Zikutanthauza kuti pa mphindi 10 zilizonse igwire 5, ipume 5.

Yopanda oyilo ndi ya oyilo, yolimba ndi iti?

Ya lamba ya oyilo, makamaka ya silinda yachitsulo cholemera chija, ikamasamalidwa imakalamba ndi mwini wake, ndipo makaniko aliyense wodziwa injini angaitsegule. Imafuna oyilo wake wa kompuresa, osati wakuda wokhetsedwa m'galimoto. Yopanda oyilo ili ndi mphete ya pulasitiki yoterera ya Teflon m'malo mwa oyilo. Mpheteyo imadyeka, ndipo mdani wake wamkulu ndi fumbi: la mu Ogasiti mpaka Okutobala, kuphatikiza la galayindala yanu yomwe. Ikadyeka mudzaona thanki ikuchedwa kudzaza. Kusintha n'kosavuta ngati mphete ilipo. Ndiye tsiku logula funsani mphete, tizitsulo ta mavalavu, sefa ndi kapasita. Ngati zilipo, tengani limodzi tsiku lomwelo, chifukwa kuchoka ku Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo mukadzabwerera mudzapeza mtundu umenewo unatha kalekale.

Wopenta mwa apo ndi apo amapindula ndi yopanda oyilo, poti mpweya wake sudetsa penti.

Magetsi akwathu amabwera mofooka, nthawi zina n'kuthima osatsanzika. Sizipsereza mota?

Zingathe, ndipo makompuresa ambiri amafa imfa imeneyi, osati ya ukalamba. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a 230 V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 A, imene imanyamula pafupifupi 3 kW. Mota ikamadzuka imakoka magetsi katatu mpaka kasanu ndi kamodzi kuposa pamene ikuyenda. Ngati muli kumapeto kwa waya, kutali ndi thiransifoma, ndipo chigayo cha pafupi chayatsidwa, mota yaikulu imangong'ung'udza osazungulira. Mukamva kung'ung'udza kumeneko zimitsani msanga. Masekondi ochepa okha akwanira kuwotcha kapasita kapena mawaya a m'kati. Apa yachete ya 750 W ili ndi mwayi, chifukwa ikamayenda imakoka cha pa 4 A basi ndipo imadzuka ngakhale magetsi atafookako.

Waya wautali wopyapyala wa pamsika uja, wolumikiza kuchokera kuchipinda chochezera, umawonjezera vutoli. Talikitsani paipi ya mpweya, waya akhale wamfupi ndiponso wonenepa, wa 2.5 mm².

Za kuthima tinaziphunzira mokwanira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi akathima kompuresa ili pakati pa ntchito, mpweya wopanikizika umatsalira pamwamba pa pisitoni, ndipo akabwera mota imayesa kudzuka itasenza kale katundu. Mukamazimitsa pa batani lake lofiira mumamva "tsii" wamfupi. Ndiye mpweya umenewo ukutuluka. Pozimitsa pa khoma, makina ambiri satulutsa. Achete ena ali ndi kavalavu ka magetsi kotulutsa kokha magetsi akathima, ndipo ndi chinthu choyenera kufunsa pogula. Koma chizolowezi chikhale ichi: magetsi akathima, dinani batani lofiira.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ndinasiya yanga yosazimitsa madzulo ena magetsi atathima, thanki n'kumatha mpweya pang'onopang'ono. Magetsi anabwera cha m'ma 2 koloko usiku. Agalu a mudzi wonse anadzuka, ndipo m'mawa mayi a kuseri kwa mpanda anangoti, "Bambo, mwadzuka bwanji? Ife tadzuka kawiri." Sanawonjezere mawu ena.

Kwathu waya wa ESCOM sunafike. Sola kapena jenereta zingayendetse?

Chifukwa cha kukoka kwa podzuka kuja, jenereta kapena inveta ikhale ya mphamvu pafupifupi katatu kuposa mota. Ya 750 W imafuna inveta yabwino ya 2 kVA kapena 3 kVA ndi mabatire okwanira. Kasola koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni musakavutitse. Popani thanki masana dzuwa lili paliwombo. Kompuresa yothamanga ya 1.5 kW imafuna jenereta ya 4 kapena 5 kVA, ndipo pamenepo nkhani ya chete yatha, chifukwa jenereta ikhala ikulira kuposa kompuresa. Chimodzimodzi ya injini ya petulo imene amagwiritsa ntchito okonza matayala m'mbali mwa msewu wa M12: ndi ya pamsewu, si ya pakhomo.

Mnzanga anapanga yake ndi kompuresa ya firiji yakufa. Siimveka n'komwe. Ndichite zomwezo?

Nzeru yake ndi yoona. Kompuresa ya firiji ili m'chigoba chotsekedwa, ikusambira mu oyilo, itakhazikika pa masipuling'i, n'chifukwa chake imangonong'ona. Makampani monga Jun-Air imene inayambira ku Denmark ndi Bambi ya ku Britain amapanga makompuresa a m'malabotale pa nzeru yofananayo, olira osafika 50 dB. Koma ya firiji ya m'nyumba mpweya wake ndi wochepa kwambiri, kawirikawiri osapitirira malita 20 pa mphindi. Kupopa tayala la njinga yamoto itha, kupenta geti ayi. Imalavulanso oyilo pang'onopang'ono, ndiye muziwonjezera.

Chimene chimandiopsa si pampu, ndi thanki. Kompuresa ya firiji siidziwa polekera. Ikhoza kupanikiza kupitirira 20 bar ngati palibe choizimitsa. Popanda switchi yozimitsa yokha ndi valavu yotulutsa mpweya ukapyola muyezo, mwaika bomba pansi pa tebulo. Thanki ya mabuleki a lole inapangidwira mpweya, ndipo ikakhala yopanda dzimbiri ndi yabwinoko. Silinda ya gasi wophikira musaiyandikize moto wowotcherera. Gasi amatsalira m'kati ngakhale ikuoneka yopanda kanthu. Mafiriji ambiri atsopano nawonso ali ndi gasi woyaka wa R600a, choncho mapaipi ake adulidwe ndi chodulira, panja, osati ndi moto.

Ndipo thanki iliyonse ikabooka ndi dzimbiri, musaiwotcherere. Ndikudziwa kuti mmisiri wowotcherera zimamupweteka kutaya chitsulo chimene angathe kuchimata. Koma dzimbiri limadya kuchokera m'kati, ndipo kabowo kamene mukukaonako ndi pamene layamba kutulukira chabe. Pansi ponse papyapyala. Paipi ya pulasitiki ya madzi ya PVC nayo si ya mpweya: ikaphulika imamwaza zidutswa zakuthwa ngati magalasi.

Ndinagula kale yaphokoso. Pali chimene ndingachite osagula ina?

Zilipo, ndipo zambiri n'zosalira ndalama. Choyamba ichotseni pa simenti yopanda kanthu, muikhazike pa zidutswa za tayala lakale, kuti kunjenjemera kusalowe m'khoma. Isakhudze malata. Mangani mabawuti onse, chifukwa theka la phokoso la makina akale ndi chivundikiro chogwedera. Kenako pitani pakamwa pokokera mpweya: kasefa kakang'ono ka pulasitiki kaja mukakasintha ndi sefa yaikulu ya galimoto, yolumikizidwa ndi paipi ya rabala yonenepa, kugunda kumachepa moti mudzadabwa, ndipo fumbi nalo limachepa.

Choposa zonsezi ndi khoma. Njerwa zowotcha kwathu sizisowa. Mangani kanyumba kakang'ono kumbali yosayang'ana kwa aneba, chitseko chathabwa lolemera, m'kati mwake mumatemo zofewa zosayandikira mota. Koma musatseke ngati nkhokwe. Kompuresa imatulutsa kutentha kwambiri, ndipo yotsekeredwa mu Okutobala imapsa. Siyani mpata wolowera mphepo pansi ndi wotulukira pamwamba, mipatayo ikhale yokhota kuti phokoso lisadutse molunjika.

Pomaliza funafunani pamene mpweya ukuthawira. Pakani thovu la sopo polumikizira paliponse. Kompuresa imene ikuyaka yokha inu musanagwire chida chilichonse ikulira chifukwa cha kabowo, ndipo mayunitsi anu akuthera pomwepo.

Ndikagule kuti: ku Lilongwe, ku Chipata, kapena ndiitanitse kwa achimwene ku Joni?

Ku Lilongwe masitolo a zida ali ambiri cha ku Malangalanga, ndipo amakaniko a ku Biwi angakuuzeni mitundu imene imabwera kudzakonzedwa kawirikawiri, umene ndi umboni woposa wa wogulitsa. Chipata ili pafupi, ndipo chipata cha m'malire cha Mchinji ndi Mwami chinakhala cha malo amodzi kuyambira mu Disembala 2022, koma werengerani msonkho wa MRA ndi kusintha ndalama musanati mwatchipitsa. Mitengo imathamanga ndi kwacha, makamaka chichokereni kutsika kwake ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo umene mnzanu anagulira chaka chatha ungokupwetekani mtima.

Ya ku South Africa ndi ya magetsi ofanana ndi athu; mungosintha pulagi ya mano ozungulira ija. Vuto ndi lakuti ikafika ndi chilema mulibe koibwezera. Ya ku America ya 120 V ndi 60 Hz, ngakhale mwapatsidwa ulere, isiyeni. Pa zakale zogulitsidwanso, dzina ngati Atlas Copco, Ingersoll Rand kapena Fini lisakutsekeni m'maso. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki. Mukatuluka madzi oyera pang'ono, mwini wake ankasamala. Mukatuluka phala lofiira, kapena osatuluka kanthu chifukwa kanatsekeka ndi dzimbiri, mukugula pampu yokha, thankiyo musaiwerengere.

Madziwo amalowamo bwanji, poti ine sindithiramo?

Amabwera ndi mpweya womwewo. Nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mpweya umakhala ndi chinyezi chambiri, ndipo ukapanikizidwa n'kuzizira mu thanki chinyezicho chimasanduka madzi. Kompuresa ya malita 100 pa mphindi ikalira ola lathunthu tsiku lachinyezi imatha kusiya pafupifupi theka la kapu. Madzi amenewo ndi amene amadya thanki, kuchita matuza pa penti, ndi kuika dzimbiri pa lathe yanu mukamaipemerera. Tsegulani kampopi ka pansi madzulo alionse poweruka, mpweya utatsala pang'ono, ndipo wopenta aikenso kosefera madzi pafupi ndi mfuti.

Za kupemerera lathe ndinenepo pang'ono, poti ndi ntchito imene ambiri amagulira kompuresa. Mpweya umakankhira tizitsulo tosemedwa pansi pa zoterera za makina, kumene timakadya pang'onopang'ono, ndipo tina timaulukira m'maso. Kaphokoso ka mfuti yopemerera nako kamaposa kulira kwa kompuresa yachete imene mwavutikira kugula. Burashi ya penti yakale imachotsa tizitsuloto mwakachetechete. Mpweya usiyireni mabowo akuya amene burashi siifika, mutatsitsa geji kufika cha pa 2 bar, mutavala magalasi. Ndipo anyamata ophunzira ntchito muwauze tsiku loyamba lomwe kuti paipi ya mpweya si yosasira fumbi m'malaya kapena yoseweretsa pa mnzawo: mpweya wa 8 bar ukalowa pabala, m'khutu kapena kumalo obisika, umavulaza mpaka kupha.